Tereza ndi Gemu ya Malupanga

Dzulo ndinamva malupanga akulira mu foni ya mwana wanga, mtima n'kubwerera ku Mponela, m'sitolo ya a Jafali. M'menemo munali makina a gemu yomenyana ndi malupanga, ndipo katswiri ndinali ine. Itabwera gemu yachiwiri, zinthu zinasintha. Malupanga akakolana, wodina batani mofulumira ankagwetsa lupanga la mnzake, winayo n'kutsala chimanjamanja.

Msuweni wanga Tereza wa ku Dzoole, atabwera kudzacheza kwathu, anangoyesa kamodzi, lupanga langa n'kuuluka. Kachiwiri chimodzimodzi. Anzanga onse anasamukira kumbuyo kwake, akumuchemerera. Ndinkakhulupirira kuti a Jafali anauza makinawo kuti azimukondera, poti ankamupatsanso maswiti.

Tsiku lina, atatsala pang'ono kundimaliza, ndinazula chingwe cha magetsi. Anthu a m'makinawo anazimiririka.

"Ukanangonena, ndikanakuphunzitsa," anatero Tereza motsitsa mawu. Anatuluka, ndipo sanasewerenso mpaka anabwerera kwawo. Ukatswiri unabwerera kwa ine, koma sunakomenso.

Ndinazindikira nditakula kuti zala zakezo zinaphunzira liwiro posoka fodya m'chigafa tsiku lonse, ine ndili kusukulu.