Chitupa Chatsopano cha Mayi Chikaonda

Mayi Winifred Chikaonda anabadwira ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, bambo awo ochokera ku Dedza akugwira ntchito ya njanji. Komabe chitupa chawo chinkati ndi mlendo, ndiye chisankho chikafika ankangoonerera anzawo ali pamzere. Malamulo a dziko atasintha mu 2013, anapita kanayi ku ofesi ya zitupa mpaka anawapatsa chatsopano.

Tsiku lovota anavala diresi lawo la kutchalitchi. Kalaliki atapeza dzina lawo, anawafunsa ngati akufuna wowathandiza.

"Ayi, achemwali," anayankha. "Ndasoka mayunifolomu zaka makumi atatu, dzanja langali silinjenjemera."

Analowa okha, anachonga, n'kutuluka inki ili kuchala. Masana anabweranso, ataperekeza mng'ono wawo amene ankachita mantha.