Laisensi Yanga M'manja mwa Alamu

Anapiye oweta ndinkakawatenga ndekha kutauni, pa kapikapu kakale kamene anandisiyira malemu amuna anga. Tsiku limenelo kunali dzuwa loswa mtengo la mu Okutobala. Pa Chitedze ndinapeza alamu anga, akulu awo a malemuwo, akudikira minibasi ali ndi thumba la feteleza, ndiye ndinawakweza.

Tisanafike pa Namitete, wapolisi wa pamsewu anatulukira pansi pa mtengo wa mango, dzanja lili m'mwamba. Ndinaima, ndinamupatsa laisensi.

"Mayi, mumathamanga. Kamera yakuonani. Pano mpoyenda pang'onopang'ono."

"Chikwangwani chake chili pati, bwana?"

Analoza kumbuyo. Ndinatsika, ndinati tiyeni tikachione limodzi. Tinakapeza chitsulo chokha chili chiimire, chikwangwanicho anthu anagulula kalekale.

"Kodi pamenepa ndiwerenge chiyani?"

Anadzikanda m'khosi, nati lamulo ndi lamulo, koma mawu anali atafewa. Ndinamuuza kuti chindapusa sindilipira, ngati akufuna tikaonane kukhoti. Anapiye anali kulira m'makatoni, ine mtima uli kwa iwo, komabe ndinkaona kuti nkhani ikundikomera.

Pamenepo alamu anatsika m'galimoto, chipewa m'manja, akuwerama.

"Bwana, musavutike naye. Ndi mzimayi uyu. Galimotoyi ndi ya mng'ono wanga amene anatisiya. Za pamsewu sazidziwa, timangomuyang'anira ife. Mukhululukireni, ndikamulangiza kunyumba."

Munthu wosadziwa ndi pamene pali buleki pomwe! Mng'ono wawoyo akudwala, ndinkamunyamula ndine pa galimoto yomweyi kupita naye kuchipatala, mvula ikugwa, msewu uli matope okhaokha, iwo osaoneka ngakhale tsiku limodzi. Lero akuti amandiyang'anira?

Wapolisi uja anaseka, poti anali atapeza potulukira. Laisensi yanga, ya nkhope yanga, anaipereka kwa alamu.

"Chifukwa cha inu, madala. Muziwaphunzitsa amayiwa."

"Ayi, lembani chindapusacho!" ndinakuwa. "Lembani tikakumane kukhoti!"

Sanatembenuke n'komwe, anali akuimitsa kale lole ya fodya. Ndinatsomphola laisensi ija m'manja mwa alamu, n'kuliza galimoto.

Titayenda pang'ono, alamu anayamba. "Mwaonatu mlamu, apolisi amafuna kuwalankhula bwino, eti? Pakanapanda ine..."

Ndinaima pagolosale ina, kwawo kudakali kutali, n'kuwatsegulira chitseko.

"Tsikani, alamu. Mzimayi wosadziwa msewu angakupheni."

Ankayesa nthabwala mpaka ataona kuti thumba lawo la feteleza ndalitsitsira pansi. Ndinawasiya pomwepo ali kukamwa yasa.

Sabata isanathe, abale a malemu anabwera kudzandiuza kuti ndinanyoza munthu wamkulu amene anandipulumutsa kwa apolisi, choncho ndikapepese. Ndinawafunsa kuti anandipulumutsa ku mlandu uti, poti mlandu panalibe. Sindinapite, ndipo kumudzi kwawo mpaka lero amanditcha wamwano.