Mkamwini Wanga Atabereka Mwana Kumbuyo

Ndinali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi pamene ndinaphunzitsidwa ngati mwana wa Sitandade 1. Zinachitikira kutsidya kwa nyanja, ku Morley, mumzinda wa Perth, m'nyumba ya mwana wanga Mphatso.

Mphatso anandiitanitsa kuchokera ku Dedza atabadwa mwana wake woyamba, wamkazi. Mayi ake anatisiya kale, choncho ulendo umene ukanakhala wawo unagwera ine. Dzina lachingerezi khandalo linali nalo kale. La kwathu ankadikira ine, ndipo anakonza zoti ndidzalitchule pa phwando la mu Julaye, sukulu zitatsekera. Kumeneko Disembala amatentha ngati ng'anjo, ndiye iwo ndi anzawo amachitanso Khirisimasi ina nthawi yozizira. Ndinaona ngati zachibwana, koma sindinanene.

Masabata atatu ndinakhala pampando wa pafupi ndi hita. Tiyi ankandipeza pomwepo. Mdzukulu ndinkamuyang'ana ali m'manja mwa ena, n'kugwedeza mutu. Ndinkaona kuti zakwana.

Tsiku la phwandolo kunagwa mvula yamphepo. Alendo anadzaza nyumba, Amalawi ndi a ku Zambia omwe. Pakona panali kamtengo ka pulasitiki kothwanima. A Zulu, mnzawo wa ku Chipata, anavala chipewa chofiira ndi ndevu za thonje, ana n'kumawakoka. Anawo ukawafunsa m'Chichewa amayankha m'Chingerezi. Fungo la nyama yootcha linkalowera pakhomo la kuseri.

Mkamwini wanga Limbani amagwira ntchito kumgodi, kutali kumpoto: masabata awiri kumeneko, imodzi pakhomo. Anali atatsika ndege dzulo lake. Ndinamuona akutuluka kuchipinda atanyamula mipando iwiri, mwana ali kumsana, chitenje atamanga mfundo pachifuwa.

Ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo anga anandipeza nditabereka mlongo wanga. Anathyola kanthambi ka pichesi. "Mawa udzavalanso mpango?" Chiyambire tsiku limenelo sindinayerekezenso.

Ndinakweza mawu kuti onse amve.

"A Limbani, kodi kumgodiko akukuphunzitsani kubereka? Kwatsala kuyamwitsa basi."

Awiri anaseka, kenaka anasiya. A Zulu anakoka ndevu zawo za thonje, n'kuyankha m'chilankhulo chakwawo, chomwe kubereka amati kupapa. "Mudala, kuno tonse tipapa. Ine wanga ninapapa mpaka msana unapindika."

Limbani anatsitsa mipando, n'kuwerama pang'ono. "Zikomo, adadi."

Mphatso anali ataima pakhomo la kukhitchini, dzanja lili pamimba.

"Adadi, bala la opaleshoni silinapole. Adokotala anandiletsa kunyamula zinthu. Awawa akapita kumgodi ndimatsala ndi inu. Mwandilandirapo mwanayu ndi kamodzi komwe?"

Za opaleshoniyo ndinkazidziwa. Sindinamufunsepo kuti akupeza bwanji. Ndinkati ndi nkhani za akazi.

"Dzina mutchula mwana ali m'manja mwanu," anatero. "Apo ayi, lachingerezi lomweli likwanira."

Nyimbo anazimitsa. Limbani anamasula chitenje, n'kundiika mwanayo m'manja. Ine ndili ndi ana asanu ndi awiri. Ndalimapo maekala, ndanyamulapo matumba a mbatata pamutu. Koma apa manja anauma ngati nkhuni. Ndinamugwira m'khwapa, kamutu kanagwera kumbuyo, ndipo analira mokuwa. Mayi wina anati, "Mayo, khosi!" Thukuta linanditsika m'jekete. Aliyense anaona kuti gogoyu sanagwirepo khanda.

Limbani anagwada patsogolo panga. Analowetsa dzanja lake pansi pa langa, n'kulikankhira kunkhongo kwa mwana. Ananong'ona, "Apa, adadi. Mumuyandikize pachifuwa." Kenaka anatembenukira kwa alendo. "Manja awo achita dzanzi. Mphepo ya kunoyi sanaizolowere."

Munthu amene ndinamuchititsa manyazi pagulu ndiye anandiphimba pagulu lomwelo. Bola akanandilalatira.

Mwana anatonthola. Ndinamva kutentha kwake kudutsa malaya. Dzina ndinalitchula motsitsa, moti a Zulu anandiuza kuti ndibwereze. "Yamikani." Azimayi analuluta. Mphatso sanandiyang'ane.

Nyama ya tsiku limenelo sindikuikumbukira kukoma kwake.

Limbani atabwerera kuntchito, ndinapempha Mphatso chitenje. Anandiyang'ana nthawi yaitali asanandipatse. Mfundo yoyamba inamasuka, iye atagwirira mwana. Yachiwiri inandifinya nthiti. Tsiku lachitatu Mphatso anagona tulo masana onse, ine ndikuyendayenda pabalaza, Yamikani akundinyowetsa msana ndi dovu.

Patatha masabata awiri Limbani anatipeza choncho. Anaika chikwama pansi, n'kundikonzera mfundo.

"Ndinalakwa," ndinatero.

Mawu amenewo ndinali ndisanawanenepo kwa munthu wamng'ono kwa ine. Iye anangoomba m'manja mwaulemu, n'kupita kukasamba.

Tsopano ndili kwathu, ndipo nkhaniyi sindiibisa, ngakhale imandiwawa kuinena. Ndinapita ku Perth ndikuganiza kuti ndikukaphunzitsa ana mwambo. M'nyumba muja aliyense anali ndi chochita. Wopanda ntchito ndinali ine ndekha, ndipo ndine ndinkalankhula mokweza.