Piki itayamba kugwa

Chizindikiro choyamba chinali piki, kapulasitiki kolizira gitala kaja. Loweruka lina mu Juni chaka chatha, tikuyeserera nyimbo za ukwati pa Nathenje, inandipulumuka katatu m'nyimbo imodzi. Ndinali nditaliza gitala yamagetsi zaka khumi ndi zisanu, ndipo piki sinkandigwa ngakhale nditatuluka thukuta bwanji. Ndinayang'ana dzanja langa lamanja modabwa, kenako ndinachita zauchitsiru zimene woliza gitala yekha angachite. Ndinaimata pikiyo kuchala ndi selotepi n'kupitiriza nyimbo.

Lolemba m'mawa kapu ya tiyi inagwa, ndipo mkazi wanga anaona kuti pakamwa panga papotoka. Sanandifunse maganizo, anangoitana kabaza wa njinga yamoto mpaka kuchipatala cha Mitundu. Namwino anandiyeza kawiri asanaitane adokotala.

"Bambo, magazi anu akuthamanga kwambiri, ndipo mwachita sitiroko yaing'ono," anatero adokotala. "Dzanjali linayamba kukuuzani Loweruka lomwe lija."

Ananditumiza kuchipatala chachikulu mu Lilongwe, komwe ndinagonekedwa masiku asanu ndi limodzi. M'mawa kuyezedwa, kenako mapiritsi, kenako kudikira madokotala adutse. Nthawi yotsalayo ndinkangoyang'ana zala zanga. Chala chilichonse pachokha chinkayenda ndithu, koma ndikati chachikulu ndi chamkombaphala zitsine chinthu, zinkakhala ngati sizikundimva. Zinkandichititsa chidwi, komanso ndinkaopa kwambiri, chifukwa popanda kutsina palibe piki, ndipo ine ndinkadziwa kuti popanda piki palibe gitala.

Nditatuluka ndinayamba mafizo Lachinayi lililonse. Anandipatsa ntchito yotola nyemba m'mbale, imodziimodzi. Nditawafunsa za gitala, mayi wa mafizoyo anati, "Chilichonse choyendetsa zala n'chabwino, bola musadzikakamize."

Mlamu wanga anandibwereka gitala yake ya bokosi, yosafuna magetsi, ndipo ndinayamba kufufuza pafoni maphunziro olizira ndi zala. Apa ndinaona zachilendo. Mavidiyo a oyamba kumene ankandiphunzitsa makodi, magwiridwe a nsambo amene dzanja langa lamanzere limawadziwa ngakhale ndili mtulo. A akatswiri ankathamanga ndi zala zinayi, langa lamanja likukwawa. Munthu mmodzi ndinali mkulu mbali ino, khanda mbali inayo, ndipo panalibe vidiyo ya munthu wotero. Pofika Seputembala ndinatsala pang'ono kubweza gitala ija.

Thandizo ndinalipeza pabenchi ya chipatala cha Mitundu, tsiku lokatenga mankhwala. Pafupi nane panakhala a Makwinja, tenanti wa pa esiteti ya fodya, kwawo ku Phalombe. Anandiona ndikugwedeza zala zinayi pabondo, ndipo nditawafotokozera anaseka.

"Achimwene, zala zinayi n'zachiyani? Phala mumakomba ndi zingati? Chachikulu chiziyenda pansambo zazikulu, mkombaphala aziimba pazing'onozo. Piki imafuna ziwirizi zigwirane. Kuno zimafunika zilekane, chilichonse chizipanga zake."

Apa ndinadziwa kuti nawonso ankaliza gitala. Zala zimene matenda anazilekanitsa, malizidwe awa ankazifuna zolekana chomwecho.

Lamlungu lililonse masana ndinkapita kukomboni kwawo. Anandiletsa nyimbo sabata zitatu, anati chala chachikulu chiziyenda chokha mpaka ndizitha kucheza nawo chikuyendabe. Kenako mkombaphala analowa. Mavidiyo aja anayamba kumveka, malinga ndikawachepetsa liwiro. Mu Epulo chaka chino ndinaliza kutchalitchi, ndekha, opanda sipika, ndipo ndinalira.

Lero ndimamwa mapiritsi tsiku lililonse, ndinachepetsa mchere, ndipo ndimakayezetsa mwezi ndi mwezi. Pakamwa panawongoka. Kutsina sikunabwerere kwenikweni, moti mabatani a shati amandivutabe. Adokotala anati ndikanapita Loweruka lija, mwina dzanjali likanachira kuposa apa.

Piki ija ndimaisunga m'kabotolo kakale ka mankhwala, selotepi yake ikadali pomwepo. Inu anzanga, chinthu chimene mwachigwira zaka zambiri chikayamba kukupulumukani, kaya ndi khasu, choko kapena supuni, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Ine ndinachedwa masiku awiri chifukwa cha selotepi.