Ng'ombe ya bere pa maliro a mwamuna wanga

Ndinadzuka tambala asanalire, pamphasa m'nyumba ya siwa. Azimayi a kutchalitchi anali atatopa ndi kuimba. Kunja kunali nkhungu yozizira ya kuno ku Zobue, moto ukuyaka kale pamafuwa.

Ine ndi mwamuna wanga tinabwerako ku Malawi nkhondo itatha, tilibe ngakhale nkhuku. Analima mbatata zaka zinayi mpaka anagula ng'ombe imodzi yaikazi. Itabereka koyamba inaonda nthiti kuonekera, ndipo inatha chaka osatenganso bere. Tekiniku, mlangizi wa ziweto wa ku Moatize, anamuuza kuti ng'ombe yoyamwitsa udzu wokha suikwana. Itabereka kachiwiri, ankaipatsa gaga, makoko a nandolo ndi mchere tsiku lililonse. Anthu ankamuseka kuti akusamala ng'ombe ngati apongozi. Patangotha miyezi itatu inakweredwa, n'kutenga. Mathole ake tinagulitsa iye akudwala. Inatsala yokhayo.

Dzuwa litatuluka, kamiyau, lole ya ku Moatize, inatsitsa abale a mwamuna wanga. Anthu anachuluka, mbuzi ziwiri zimene tinapha zinachepa. Mkulu wake wa malemu anazungulira khola, n'kunena kuti mng'ono wake saikidwa ndi nyemba pomwe ng'ombe yonona ili apo.

Namfedwa satuluka m'siwa. Ndinatuma mchemwali wanga kukawauza kuti ng'ombeyo ili ndi bere. Alamuwo anabwera okha pakhomo, chipewa chili m'manja.

"Alamu, lirani mwamuna, osati ng'ombe. Mimba imeneyo ndi kukhuta chabe."

Ng'ombeyo ndinaimva ikulira kamodzi kokha.

Tinapita kumanda masana, katekista ali patsogolo. Dothi linali lonyowa, lofiira. Ndinaponya langa. Pobwerera ena anayenda msanga kuposa popita. Anadya, anayamikira mafuta a ng'ombeyo, ena anakulunga nyama m'masamba a nthochi. Ine mbale yanga ndinaikankhira kukhoma.

Madzulo pabwalo panatsala phulusa ndi chikopa chokhomedwa pansi. M'nyumba munali zii. Mayi wina wachikulire, amene anatsuka matumbo, analowa n'kukhala pafupi nane. Anati anapeza kathole m'mimba, anakakulunga m'thumba, n'kukakwirira kuseri kwa khola anthu asanaone. Ananena okha.

"Kanali kakakazi, mwananga. Ziboda zinali zitaumbika kale."

Nthawi imeneyo alamu anali atakwera kamiyau, mwendo wakumbuyo wa ng'ombeyo uli pamiyendo pawo.