Nyumba ya Makomo Awiri

Constance Namacha ndi woyamba kubadwa kwawo, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya. Maliro akagwa, foni yoyamba kulira ndi yake. Ukwati ukayandikira, wokabwereka miphika ndi iye. Anabadwira ku Mbayani, kumene agogo ake anadzamanga atachoka ku Mozambiki kalekale. Pano amakhala ku Chitawira, ndipo m'mawa uliwonse amakwera minibasi kupita ku Limbe, m'sitolo ya nsalu ya a Jayantilal, momwe wagwira ntchito kuyambira ali mtsikana. Anthu amati ndi wouma mutu, ndipo sanama. Kasitomala akafuna nsalu yoti idzasuluka pa tsiku loyamba kuchapa, Constance amamuuza pamaso, ngakhale bwana ali pomwepo.

Chaka chatha mng'ono wake Angella anaimba foni kuchokera ku Joni. Anati abwera pa Khirisimasi ndi mwamuna wake, a Ronald, pamodzi ndi ana awo awiri, Tawonga ndi Yona. Anawo anabadwira konko ndipo agogo awo ankangowaona pa foni. Angella ankafuna nyumba yalendi ya zipinda zinayi, ya sabata imodzi, pafupi ndi malo aja osewerera ana a kufupi ndi Chichiri, kumene kuli makatungwe, timagalimoto toombana ndi dziwe losambira. Kwawo ku Joni zoterezi anazizolowera, mpaka anagula sabata yawoyawo ya chaka chilichonse pa malo ena a tchuthi.

"Zosavuta izi, asisi," anatero Angella. "Ndikutumizirani zithunzi, inu mungosankha."

Zinali zosavuta kwa wolankhula ali ku Joni. Mtima wa Constance sunali pa makatungwe, unali pa amayi awo.

Amayiwo akhala akugulitsa usipa ndi nyemba mumsika wa Mbayani moyo wawo wonse, koma tsopano maso achita ng'ala ndipo amayenda akupapasa khoma. Ndi munthu wa mwambo wa makolo, woti mpongozi ndi mkamwini sakumana maso ndi maso, sadyera pamodzi, salowa bafa limodzi. Si chidani ayi. A Ronald amawakonda, ndipo aliyense wopita ku Joni amamupatsira kathumba ka mtedza koti akapatse abambo a Tawonga. Koma zaka zingapo zapitazo, pa nthawi yomanga chiliza cha bambo awo a Constance, Angella, amene ulendo umenewo ana anawasiya ku Joni, anagoneka banja lonse m'nyumba imodzi ya alendo. M'mawa amayi akutuluka m'bafa, chitenje atamanga pachifuwa, anangoti gululu ndi a Ronald, thaulo lili paphewa. Mkamwini wosauka uja, posowa chochita, anawayang'ana n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, mami?" Amayi sanamwe ndi tiyi yemwe. Anamanga katundu n'kubwerera ku Mbayani, ndipo analumbira kuti zoterezo sizidzachitikanso.

Choncho Constance ankadziwa bwino lomwe. Nyumba ikalakwika, amayi adzabwera masana amodzi, adzagwira adzukulu m'manja n'kubwerera kwawo. Ndipo ndi mmene maso akuthera, chaka china akanadzangowamva mawu. Zimenezi zinkamuwawa Constance, ndipo anatsimikiza mumtima kuti amayi ake agona sabata yonse pamodzi ndi anawo, zivute zitani.

Zithunzi zinayamba kubwera, zonse zokongola. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Constance sanakhulupirire chithunzi ngakhale chimodzi. Loweruka akaweruka ankapita yekha kukaona, motsogozedwa ndi a Gracian, bambo wina wofunira anthu nyumba, wolankhula ngati wailesi.

Ya ku Namiwawa inali ndi matailosi owala ndi kapinga wometa bwino, koma zipinda zonse zinali pa kanjira kamodzi, bafa lili kumapeto. Constance anangoima pakhomo, n'kutembenuka. Ya ku Sunnyside inali ndi chipinda cha bafa lakelake, koma chitseko chake chinkatsegukira pabalaza, pamene a Ronald akanamakhala ataongola miyendo akuonera mpira. A Gracian anapukuta thukuta.

"Mayi, kodi mukufuna nyumba kapena mukufuna boma? Chabwino, ina ili ndi kanyumba ka antchito kuseri. Agogowo akagone mmenemo, nkhani yatha."

Constance anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumutu.

"Amayi anu inuyo amagona ku boyizikota?"

A Gracian anayamba kufufuza china chake m'foni.

Angella naye anatopa. Tsiku lina anaimba masana, Constance akuyeza nsalu ya yunifomu ya kwaya.

"Asisi, mwakana nyumba zonse! December wafika uyu, zabwino zikutha. Amayi angozolowera, dziko linasintha."

"Lasintha kwa iwe," anatero Constance. "Kwa amayi silinasinthe, ndipo sitiwasintha ife pa ukalamba uno. Ukufuna ana ako adzakumbuke katungwe kapena agogo awo?"

Angella anadula foni. Constance anapitiriza kuyeza, koma lumo linapita mokhota. Mayi Kokila, mkazi wa a Jayantilal, anali pa kauntala ndipo anamva zonse. Atafunsa, Constance anawafotokozera, akuganiza kuti aseka. Sanaseke.

"Ine nditakwatiwa ndinkaphimba kumaso apongozi anga aamuna akamadutsa," anatero. "Pita ku Mpingwe. Kuli nyumba imene amalume anga anamangira ana awo awiri. Inagulitsidwa, eni ake atsopano amagonekamo alendo. Si yokongola, koma kaione."

Zoonadi sinali yokongola. Penti inali itasuluka, mageti akulira, dziwe losambira kulibe, ndipo kupita kumalo osewerera aja kunkafunika galimoto. Koma inali ndi khomo kum'mawa ndi lina kumadzulo, mbali iliyonse zipinda ziwiri ndi bafa lake. Pakati panali khitchini, ndi chitseko chokhala ndi loko. Constance anayenda mbali ya kum'mawa atatsinzina, dzanja lili pakhoma, kuchokera pabedi mpaka kubafa. Panalibe sitepe yoti munthu n'kupunthwa. Anaigwira nyumbayo tsiku lomwelo, n'kudzamuuza Angella pambuyo pake. Zithunzi zitafika ku Joni, yankho linali la mawu awiri okha: "Zanu izo."

Alendo anafika Lachitatu. Tsiku lotsatira m'mawa Constance anakatenga amayi ku Mbayani. Anawapeza atavala kale, koma m'manja muli kachikwama kakang'ono basi.

"Zovala zina zili kuti, amayi?"

"Zachiyani? Ndikukaona ana, madzulo ndibwerako. Nkhuku zanga ndani azitsekera?"

Constance sanatsutse. M'takisi monse mtima wake unali m'mwamba.

Analowera khomo la kum'mawa. Tawonga ndi Yona anathamanga kudzawakumbatira, akulankhula Chichewa chothyokathyoka, ndipo amayi anawapapasa kumaso mmodzimmodzi, akuseka. Koma sanakhale pansi. Kachikwama kali m'khwapa, anayamba kuyenda ndi khoma. Anapeza chipinda, anapeza bafa, anagwira chitseko cha pakati n'kuchikankha. Sichinatseguke.

"Uku n'kuti?"

"Kumeneko n'kwa alamu," anatero Constance. "Ali ndi khomo lawo, bafa lawo. Kiyi ndi uyu, musunge ndinu."

Kuseri kwa chitsekocho kunamveka kutsokomola, kenako kuomba m'manja pang'onopang'ono. Anali a Ronald, ndipo mawu awo ankachokera pansi, kusonyeza kuti anjuta.

"Tikupezeni, amayi. Mwayenda bwanji?"

Angella, amene anaima pakona atapinda manja, anatsitsa maso. Amayi anatembenukira kumbali, nawonso anaomba m'manja.

"Tayenda bwino, apongozi. Kaya inu ndi ulendo wautaliwu? Mwatisungira bwino ana, taona akula."

Kiyi uja anali akadali m'manja mwa amayi. Kenako anamumangirira pa ngodya ya chitenje, n'kukhala pabedi. Yona anakwera n'kuwatsamira.

"Constance."

"Wawa, amayi."

"Ukuimiranji ngati mlendo? Bwerera ku Mbayani ukanditengere mankhwala a maso ndi zovala. Usaiwale bulauzi yoyera ya kutchalitchi, Lamulungu ndipita ndi anawa. Nkhuku ukawauze aneba, mayi a Ignatius, azitsekera."

Constance anatuluka msanga kuti asamuone akulira. Pa geti anapukuta nkhope ndi nsonga ya mpango, n'kutsetsereka kukadikira minibasi.