Tsiku Limene Ndinabwezera Tsabola Ukali

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, amayi akupita ku Lisungwi kukadwazika mchemwali wawo, anandisiyira bedi la tsabola kuseri kwa nyumba yathu ku Magaleta. Mbewuyo anawapatsa ndi anamwino ena ochokera kumpoto. "Akachita bwino, tidzapitira limodzi ku boma kukagulitsa," anatero amayi. Ine ku boma ndinali ndisanapondeko.

Ndinalimbikira. Manyowa a mbuzi ndinathira, udzu ndinaphimbira, madzi m'mawa ndi madzulo. Tsabola anabereka wonenepa ngati chibakera. Pansi pa wina, ndikulumbira, nkhuku zinkausapo mvula.

Tsiku lina ndinaluma mmodzi. Zii, ngati nkhaka! Ndinathamangira kwa malume anga a Fulaye, amene ankadziwa zonse ngakhale sanalimepo dimba.

"Umathirira kangati?"

"Kawiri."

"Basi, wamutsuka ukali. Paja amati tsabola wakale sawawa, koma wakoyu wakalamba ali khanda."

Ulendo wa ku boma ndinauona ukundithawa. Ndinakathyola kambuzi kwa aneba, n'kusinja, n'kupaka tsabola wa amayi mmodzimmodzi, ngati mwana wopita kutchalitchi. Manja anayaka masiku atatu. Mlongo wanga anawotcherapo mbatata, alipo, mukamufunse.

Amayi atafika sanakhale n'komwe pansi. Analunjika kumunda, nathyola wonyezimira kwambiri, n'kuluma. Kutsokomola kwake kunamveka mpaka ku Dambe.

"Iwe, wamuchita chiyani tsabola wanga?"

Ndinaulula zonse, ndi za malume zomwe. Misozi ya kambuzi inasanduka ya phwete, mpaka anagwira mtengo wa papaya.

"Mwanawe, uyu ndi girinipepa! Sawawa chibadwire. Anamwino ndi a m'maofesi amamukondera zomwezo."

Tinatunga ndowa zinayi n'kumusambitsa yense. Malume anabwera kudzatiuza kuti iwo ankadziwa kale, amangondiyesa nzeru.

Ku boma ndinapita pa lole, pamwamba pa matumba a mbatata, dengu lili pamiyendo. Tsabola yense anatha dzuwa lisanafike paliwombo. Bambo mmodzi yekha wa tayi ndi amene anabwerera maso ali psuu, kufunsa ngati tili ndi wina wowawa ngati uja anagulayo.

Lero ndili ndi mabedi anga asanu. Chinthu chikafatsa sindithamangiranso kuchikonza. Ndimayamba ndafunsa mwini mbewu. Malume ndimangowafunsa za mpira basi.